Thadzi limene ndinalanda m'manja mwa mkamwini

Senderani kuno, inu a kumbuyoko, mphasa ikadali ndi malo. Aliyense atapeko nandolo m'licheromu azisenda, makutu sagwira ntchito ndi manja. Ndikuuzani za chaka chimene ndinamana alendo nkhuku, nkhuku yoti anali ataigwira kale m'manja mwawo n'kuthokoza.

Mudzi wathu mukuuona momwe unapanikizikira. Ukaima pakhonde panga, tiyi kutsogolo, tiyi kumbuyo, wobiriwira chaka chonse, koma palibe anaphikapo tiyi kuti akhale ndiwo. Makolo athu anawoloka kuchokera ku Mozambiki kudzathyola masamba amenewa, ndipo malo amene anatisiyira ndi kamunda koti ukaponya khasu mwamphamvu limakagwera kwa eni ake. Pakamunda pamenepo tinkadyapo tonse: ine, mwana wanga wamkazi, mwamuna wake amene anabwera kudzakhala chikamwini, ndi ana awo atatu. Wamkulu anali mtsikana, ali m'kalasi yomaliza ya ku pulayimale. Enawo anali aang'ono, womaliza atangosiya bere.

Chaka chimenecho madzi anatsika m'phiri n'kukokolola chimanga chisanakhwime. Mvula itatha, tiyi anasiya kuphuka, ndipo mwana wanga, amene ankathyola pa sizoni, anamuuza kuti dengu akapachike mpaka mvula ina. Tinatsala ndi mkamwini, amene anapeza ganyu yodulira tiyi. Sanakhalitse. Mpeni wodulira uja unaphonya nthambi n'kumutema pamsongolo, chilonda chake chokana kupola. Nyumba yonse inakhala pansi, popanda wopita kukalandira.

Ndi nthawi imeneyo anafika achemwali ake a mkamwini, mayi a ku Limbe, okhala ndi golosale yawo ndi nyumba ya magetsi. Anabwera ndi buledi, shuga ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Sindinama, tinalandira ndi manja awiri. Koma asanakhale n'komwe anapita kukhitchini n'kuvundukula mphika wanga.

"Izi ndi zimene akudya ana a achimwene anga? Masamba okhaokha ngati mbuzi?"

"Mbuzi za kuno ndi zonenepa, mayi," ndinatero.

Sanaseke. Anati mtsikana wamkuluyo apite naye ku Limbe azikathandiza pakhomo, kuti kuno pakamwa pachepe. Za sukulu anati akaona komweko.

Kuthandiza pakhomo kumeneko ndimakudziwa. Mwana wa mnzanga wa kutsidya kwa mtsinje anapita choncho, ndi yunifomu yake m'jumbo. Anabwera manja atang'ambika ndi sopo, mwana kumsana, yunifomu ija atapukutira pansi. Ndiye ndinati ayi. Mkamwini anali atavomera kale, pakuti munthu wogona ndi chilonda amaona ngati mbale iliyonse ikumunena. Mwana wanga anangoyang'ana pansi. Koma kwathu kuno ana si a bambo, ndi a mbumba, ndipo mwinimbumba anali achimwene anga a ku Goliati. Tinawatumizira mawu.

Achimwene anabwera panjinga, nsapato atazimangirira pakaliyala kuti zisade. Anamva mbali zonse, n'kusuzumira m'nkhokwe mopanda kanthu muja.

"Achemwali, mwana sadya ukali wanu," anatero. "Ngati chakudya mulibe, musiyeni akadye kwa ena."

"Ndani wakuuzani kuti chakudya mulibe? Chimanga ndiye mulibe."

"Si chimodzimodzi?"

"Bwerani tsiku lililonse limene mukufuna, osatumiza mawu. Mudzadye zimene tikudya. Mukadzapeza mwana wanjala, mudzamutenge nokha, ine ndidzamumangira kathumba."

Anavomera. Mayi a ku Limbe anati adzabwera nawo, kuti ndisadzawanamize achimwene ndi pakamwa.

Tsono mverani mmene tinadyera, chifukwa ena mwa inu mukangoona ufa watha m'thumba mumayamba kulira maliro.

Chinangwa chinali m'malire a munda, madzi sanachizule. Ndinkakumba pang'onopang'ono, mtengo osauzula, kungochotsa mizu ikuluikulu n'kukwiriranso. China ndinkasenda n'kuyanika padenga kuti chikhale makaka. Makaka ukawaphika pamodzi ndi nandolo mumphika umodzi, mpaka zonse zifewe n'kugwirana, mwana akadya masana sakufunsanso kanthu mpaka dzuwa kulowa. Masamba a chinangwa chomwecho ndi chigwada. Umasinja mumtondo ali aawisi, kuphika nthawi yaitali mphika osavundikira, pomaliza n'kutendera nsinjiro. Mtedza ndinalibe wambiri. Ndinkasinja kadzanja kamodzi, kabwino n'kakuti nsinjiro sizichedwa kumveka mumphika.

Nthochi zosapsa ndinkaphika ngati mbatata. Papaya wamuwisi ndinkamusenda, kumudula tizidutswa, kumutsuka utomoni, n'kumuphika ndi tomato mmodzi wa kudimba. Kholowa ndi bonongwe ndinkathyola m'mphepete mwa mtsinje, kumtunda, osati m'malire a tiyi. M'malire a tiyi chisoso chimamera chokongola, chonenepa, koma amapoperamo mankhwala opha udzu, ndipo ine sindidyetsa ana zimene udzu walephera kupirira.

Bonya tikamupeza, mwana wanga akagwira ganyu yochapa kwa akapitawo, sindinkamuphika payekha ngati ndiwo za anthu olemera. Ndinkamukazinga wouma pa phale, kumusinja ndi mitu yomwe, n'kumusunga m'kabotolo. Kaufa kameneko ndinkawaza m'masamba ndi m'phala la mwana womaliza. Kambale kamodzi ka bonya kankanunkhiritsa miphika ya sabata yathunthu. Ufa wa mgaiwa wochepa umene tinkapeza ndinkausakaniza ndi wa makaka, ndipo madeya sindinkapatsa nkhumba za eni ake.

Kenako panali kalongonda. Inu obadwira m'tauni mumati ndi chakudya cha Alomwe, chopengetsa anthu. Amapengetsadi, ukamufulumira. Nyemba imeneyo imafuna tsiku lonse pamoto. Madzi oyamba amada bii, umakataya kutali ndi nkhuku. Kusenda makoko, kuthira ena, kuphikanso, kutayanso, mpaka madzi ayere ndipo nyemba ifewe ngati dzira lophika. Vuto lake ndi nkhuni. Mabulugamu onse mukuwaonawo ndi a esiteti, ndipo alonda akakupeza ndi kamtolo amakulanda ndi chikwanje chomwe. Ndiye tinagwirizana nyumba zitatu zoyandikana. Moto umodzi, mphika umodzi waukulu wophikira thobwa. Aliyense ankabweretsa zimene watola, mapesi a nandolo, zitsononkho, nsungwi zouma, n'kuthira kalongonda wake mmenemo. Akapsa tinkagawana ndi mbale imene aliyense anathirira. Moto umenewo tinkausinthanitsa makomo, ndipo pambali pake aliyense ankatsamizapo kamphika kake ka ndiwo kuti lawi lisapite pachabe.

Pa zonsezi mfumu yake inali nkhuku. Chitopa chinali chitasesa khola langa n'kusiya thadzi limodzi lamawangamawanga, lakhosi lopanda nthenga, loipa nkhope ngati ine. Tambala tinalibe, wa kwa aneba ndiye ankabwera kudzagwira ganyu yaulere. Thadzi limeneli linkaikira pafupifupi tsiku lililonse. Dzira limodzi pa ana atatu silioneka ukaliphika lathunthu, ndewu yokhayokha. Ndinkaliswera m'chigwada chitatsala pang'ono kupsa, kapena m'phala la mmawa, n'kutakasa mpaka lisowe. Amayi anga ankandikaniza mazira ndili mtsikana, ati udzabereka mwana wadazi. Anzanga enanso anandikumbutsa zimenezo ataona ndikupatsa mdzukulu wanga wamkazi. Ndinati wadazi tidzamugulira chipewa.

Tinayenda choncho m'chiperoni monse, mpaka kunja kunayamba kutentha. Sindikuti tinkakhuta mpaka kubuula. Ife akuluakulu masiku ena tinkadya kamodzi. Koma ana tsitsi lawo silinafiire, mapazi sanatupe, ndipo mtsikana uja ankapita kusukulu m'mimba muli kanthu.

Mkamwini zimenezi sizinkamusangalatsa. Iye si Mlomwe, kwawo ndi ku Nsabwe, ndipo kalongonda ankamudya atatembenukira kukhoma. Mukudziwa mwambo wathu: mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sayankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Zaka zonsezo mawu athu ankadutsira mwa mwana wanga, ngakhale tonse tili pabwalo limodzi.

"Awuze amayi ako kuti mimba yanga si ya mbuzi," ankatero, ine ndili pomwepo ndikusinja.

"Awuze abambo a ana kuti mbuzi ikadwala mwendo imadya zimene yapatsidwa."

Mwana wanga ankangoti, "Mwamvana kale, ine musandivutitse."

Tsiku limene alendo anafika linali la moto wa pakhomo pathu. Kalongonda anali pamoto kuyambira mmamawa, madzi oyamba nditangotaya. Ndinasiya mwana wanga akusonkhezera, ine n'kutsikira kumtsinje kukathyola kholowa. Pobwera ndinaona njinga ya achimwene itatsamira mtengo wa peyala. Pakhonde panali mayi a ku Limbe pampando, chikwama pamiyendo. Ndisanapereke moni ndinamva nkhuku ikulira kuseri kwa nyumba, kulira kwake kosakhala kwa kuikira.

Mwambo wake mumaudziwa. Mlendo wolemekezeka akafika umagwira nkhuku yamoyo, kugwada, kumupatsa m'manja. Iye amaigwira, kuiyeza kulemera, kuthokoza, n'kuibweza kuti ikaphedwe. Ikatero nkhukuyo si yakonso, ndi ya mlendo. Zonsezo zinali zitachitika kale ine ndili kumtsinje. Mkamwini, ndi mwendo wake womanga nsanza, anali atathamangitsa thadzi langa, mwana wanga n'kukaligwadira kwa alamu ake ndi amalume ake.

Ndinaponya kholowa pansi n'kuzungulira kuseri. Ndinapeza mkamwini atapondereza mapiko ndi phazi labwino lija, mutu wa nkhuku m'dzanja, mpeni m'dzanja linalo.

"Bambo, chotsani phazi pa nkhukuyo."

Anacheuka uku ndi uku kufuna kuona amene ndikumuyankhula. Mwana wanga panalibe. Panali iye ndi ine basi, ndipo ndinkamuyang'ana m'maso.

"Ndikunena inuyo. Chotsani phazi."

Anayankhira kukhoma, ngati khomalo ndi mkazi wake. "Awuze amayi kuti nkhuku yaperekedwa kale kwa alendo."

"Palibe wondiuza pano, ndamva ndekha." Ndinawerama n'kulowetsa manja pansi pa phazi lake, dzanja langa kukhudza mwendo wa mkamwini, chinthu chimene amayi anga akanadzuka nacho kumanda. Anadumpha ngati wapsa. Ndinanyamula thadzi langa, kuliika kukhwapa, n'kupita nalo kukhonde.

"Takulandirani, mayi. Mwayenda bwanji, achimwene? Nkhuku iyi siphedwa."

Aneba amene anabwera kudzasonkhezera moto wa kalongonda anaima ndi mapesi m'manja.

"Ndaigwira ndi manja angawa," anatero mayi a ku Limbe. "Ndathokoza."

"Zikomo wanuyo sungani, adzagwira ntchito tsiku lina."

"Achimwene anga anakwatira kwa anthu otani? Kwathu ngakhale wamasiye amaphera mlendo nkhuku."

"Kwanu nkhuku zimaikira mufiriji. Kuno imaikira ndi iyi."

Achimwene anadzuka n'kundikokera pambali, koma mawu awo anamveka mpaka kumsewu. "Mwandivula pamaso pa eni mwamuna. Mwagwira mkamwini mwendo. Mwalanda mlendo nkhuku m'kamwa. Achemwali, mutu wanu uli bwino, kapena mwalawa mphikawo usanapse?"

"Tinapangana chiyani, achimwene? Munati mudzadya zimene timadya. Ife nkhuku sitidya, timadya zimene nkhuku yatipatsa. Mukadya iyi lero mupita ku Goliati mukutokosa m'mano, mukuti kwa achemwali kuli bwino. Mawa ana dzira alibe, mkuja alibe. Mwezi ukatha mudzabweranso kudzapeza njala imene mwaiphika nokha, n'kunditengera mwana. Imeneyo ndakana."

Anakhala pansi n'kuvula chipewa, n'kuchivalanso.

Ndinatsekera thadzi m'nyumba mwanga, pansi pa dengu, n'kuyamba kuphika ngati tsiku lina lililonse. Dzuwa lili pamutu ndinapakula makaka a nandolo, chigwada chotendera chokhala ndi dzira la mmawa umenewo, ndi kholowa wowaza kaufa ka bonya. Ndinawapatsa madzi osamba m'manja mwaulemu wonse, nditagwada. Mayi a ku Limbe anavundukula mbale, kuyang'ana, n'kuvundikiranso. Anapempha madzi akumwa okha.

Mtsikana uja anafika kuchokera kusukulu, ang'ono ake akumuthamangira. Anapereka moni kwa azakhali ake ndi agogo ake aamuna, n'kukhala pamphasa ndi anzake kuzungulira mbale yawo. Achimwene sanadye msanga. Ankayang'ana ana. Palibe anali kulimbirana, palibe anabisa nthongo kumbuyo. Womaliza uja atakhuta anasiya kachidutswa ka chinangwa m'mbale n'kuyamba kuthamangitsa mwana wa mbuzi wa kwa aneba. Achimwene anamugwira podutsa, kumutsina patsaya, kumusisita tsitsi, kumudina paphazi ndi chala, n'kumusiya apite.

"Mwanayu akonze katundu, minibasi zisanathe," anatero mayi a ku Limbe. "Pakhomo pamene amamana mlendo, mwana angaphunzirepo chiyani?"

"Ndikadali kudya," anatero achimwene.

"Mudya mpaka liti?"

"Mphika uwo sunapse. Umenewo safulumira nawo."

Anadikira pang'ono, mayiwo, akuyang'ana foni yawo. Kenako analowa kukatsanzika mchimwene wawo, amene anali atadzitsekera kuchipinda, ndipo anatuluka osandiyang'ana. Mwana wanga anawaperekeza mpaka kumsewu akulira.

Achimwene anatsala. Anakhala pafupi ndi moto ndi amayi a nyumba zina ziwiri zija, n'kuyamba kulamula za madzi ngati kalongonda ndi wawo, munthu woti anasiya kumudya atangoyamba kuvala jekete ya kutchalitchi. "Tayaninso amenewo, sanayere." Dzuwa litapendeka tinaphula, kuthira mchere, kugawana. Achimwene anadya mbale yawo yonse, n'kupempha ina. Atasamba m'manja anaitana mtsikana uja.

"Iwe, ku Limbe kuli magetsi ndi buledi. Ukufuna kupita?"

"Ndikufuna mayeso ndilembere konkuno, agogo."

"Ukukhuta?"

"Masiku ena ndimatopa ndi chigwada."

"Sindinafunse zotopa."

"Ndimakhuta."

Achimwene anavala nsapato, kenako anakumbukira fumbi la mumsewu n'kuzivulanso. Ali chigwirire njinga anati, "Mwana sapita. Koma inu achemwali mukapepese kwa mkamwini ndi kwa abale ake. Mwambo mwauphwanya pawiri."

"Mwana sapita, ndamva. Zinazo mphepo yadutsa nazo."

Sindinapepese. Mudzi wonse unandinena, pachitsime, kuchigayo, mpaka kumaliro. Ankati nkhalamba yomana, yogwira mkamwini mwendo. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzandilangiza, ndinawayalira mphasa n'kuwapatsa makaka, anadya, analangiza, anapita. Mkamwini anasiya ngakhale kutumiza mawu kudzera mwa mkazi wake. Mbale yanga ankaibweza yosakhudza, mwana wanga n'kumakamupakuliranso zomwezo m'mbale ina, n'kudya. Kuchokera ku Limbe sikunabwerenso shuga kapena mafuta. Masabata omaliza mvula isanagwe anali owawa kuposa onse, nandolo atatha, mtsinje utaphwa, tikudya nthochi zosapsa ndi mfutso wa chaka chatha. Thadzi nalonso linayamba kudumphitsa masiku chifukwa cha kutentha. Koma tinafika. Mvula inagwa, ngumbi zinatuluka, tiyi anaphuka, ndipo mwana wanga anatsitsa dengu lake pamsomali.

Tsono aliyense anathera apa.

Mwana wanga akuthyolabe tiyi, msana ukumuvuta, ndipo mpaka lero akaona mlendo akulowa pabwalo amayamba wayang'ana kumene ine ndili. Mkamwini mwendo unapola mopotoka, kudulira anasiya, tsopano ndi mlonda wa mabulugamu omwe aja. Akandipeza ndi kamtolo amapatukira kutchire monga mwa mwambo, ndipo saona kanthu. Kuyankhulana tinabwerera kwakale, kudutsira mwa mkazi wake. Achimwene a ku Goliati anatisiya zaka ziwiri zapitazo, mbumba ili m'manja mwa mwana wanga wamwamuna amene ali kuchikamwini kumudzi wina. Thadzi lija linakalamba, linatisiyira khola lodzaza, vumbwe n'kudzaligwira masana dzuwa likuswa mtengo.

Mtsikana uja analemba mayeso ake, anakhoza, anapita kusekondale yoyendera, wapansi mmawa uliwonse kudutsa m'minda ya tiyi. Pano akuphunzitsa ana a mkombaphala ku Luchenza. Amaphika ndi mafuta ambiri, ndipo ndikamuuza amati, "Anganga, chigwada ndinadya cha moyo wanga wonse." Ang'ono ake awiri ndi awo akusenda nandolo mwaulesi kumapeto kwa mphasako.

Mayi a ku Limbe sanapondenso pano. Ndinamva kuti mwezi womwewo anapeza mtsikana wina wa ku Mphuka woti azikawathandiza pakhomo. Ameneyo ndafunsafunsa kwa amene amapita kumeneko, palibe akudziwa kuti ali kuti.